Lipoti la ulendo wa njinga wozungulira doko la Waitematā

Pa msonkhano wa mwezi watha munandipatsa ntchito yolemba za ulendo umene gulu lathu la opalasa njinga linayenda Loweruka lija, kuti inu amene munali pa shifiti kapena munatsalira ana mumve momwe zinathera. Cholinga chinali kuchoka ku Northcote Point, kumene mlatho wa Auckland Harbour Bridge, mumzinda wa Auckland kuno ku New Zealand, umatsikira kumpoto, n'kukafika ku Westhaven, kumene mlatho womwewo umayambira kummwera, popanda kukwera feri kapena basi. Mlathowu ndi wotalika mamita 1,020. Wa galimoto amawoloka nyimbo ya pa wailesi isanathe. Wa njinga saloledwa, woyenda pansi saloledwanso, ndiye njira yokhayo ya pamtunda ndi kuzungulira doko lonse kudzera ku Greenhithe, Hobsonville ndi Te Atatū, mtunda woposa makilomita 40.

Amene anabweretsa maganizowa ndi achemwali athu aja a ku Northcote, amene amasamalira okalamba tsidya la mumzinda. Akaima pakhonde pawo, dera lomwe amagwirako ntchito amaliona ndi maso, koma kuti afikeko ndi njinga ayenera kudikira feri, ndipo feri ili ndi nthawi yake pomwe shifiti ilinso ndi yake. Basi zambiri sizinyamula njinga, kupatula zochepa za nambala NX1, zowoloka mlathowu, zimene anayamba kuyesa kuziikira malo a njinga mkati, ndipo sitima ya panjanji ku North Shore, tsidya la kumpoto kwa doko, kulibe. Ambiri mwa ife tinakulira kumene njinga ndi chida cha ntchito, yonyamulira makala, thumba la kuchigayo kapena munthu pa kabaza, choncho zimativuta kumvetsa ena kuno akamaitenga ngati chidole cha anthu ovala zothina Lamlungu m'mawa. Achemwaliwo anati, "Tiyeni tikaione njira imene amati ilipoyo, kuti tikamadandaula tizidandaula zimene miyendo yathu yalawa."

Tinakumana dzuwa litangotuluka pa Te Onewa, kansonga ka mtunda pomwe kale panali linga la Amāori, eni dziko lino, pansi penipeni pa mlatho. Amene simunafikepo, pitani tsiku lina ngakhale pa galimoto. Nyumba zina za mu Princes Street zili ndi msewu waukulu wa dziko lino, State Highway 1, pamwamba pa denga, ndipo phokoso la galimoto pafupifupi 170,000 zomwe zimadutsapo pa tsiku silileka. Achimwene athu owotcherera zitsulo ndiwo anatiimitsa tisananyamuke kuti tikweze maso. Ukakhala pansi umaona bwino kuti mlathowu ndi zidutswa zitatu zogundizana. Chapakati, cha zitsulo zolukanalukana, ndi chimene anatsegula pa 30 Meyi 1959 chili ndi mizere inayi ya galimoto. Uku ndi uku kuli zigamba ziwiri zazitali zimene kampani ya ku Japan ya Ishikawajima-Harima inapanga n'kudzazikoloweka pa zipilala zomwezo, ntchito yomwe inatha mu 1969. Zigambazi ndi zija anthu amati Nippon clip-ons, ndipo ndi zomwe zinafikitsa mizere pa 8.

Ambiri m'gulu sankadziwa kuti njira ya oyenda pansi inalipo pa mapulani oyamba. Komiti ya boma yomwe inafufuza za mlathowu mu 1946, pamodzi ndi akatswiri ojambula, ankafuna mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, komanso tinjira ta apansi mbali zonse ziwiri. Boma la nthawiyo linaona kuti ndalama zachuluka n'kudula: mizere inayi basi, tinjira tija n'kufufuta. Zaka khumi zisanathe mizere inayiyo inachepa, n'chifukwa chake kunabwera zigamba zija. Galimoto anazibwezera zomwe anazimana, kuwonjezanso pamwamba. Apansi ndi anjinga sanawakumbukire mu 1969, ndipo sanawakumbukirenso mu 1984 pomwe anachotsa malipiro owolokera.

Kuchoka apo ndi zitunda zokhazokha. Ku Birkenhead tinapatuka pang'ono kuti tisuzumire fakitale ya shuga ya Chelsea, ya pinki ija, yomwe yakhala pagombe paja kuyambira 1884. Sitima zobweretsa shuga wosayenga zimadutsa pansi pa mlatho kuti zikafike kumeneko, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mlathowu anaukwezera mamita 43 pamwamba pa madzi. Ndikutchula izi dala, chifukwa tsiku lomwe adzatilole kuwoloka pasadzakhale wodabwa: mlathowu ndi chitunda ndithu, ndipo wa njinga yopanda magiya adzatuluka thukuta asanafike pachulu pake.

Glenfield Road ndiye mbali yomwe sindikufuna kuibwereza. Mzere wa utoto wopatulira njinga umaoneka pena, pena n'kuzimirira pamene ukuufunitsitsa, pa mphambano, basi ikudutsa pafupi ndi chigongono. Tinaika achinyamata pakati, akuluakulu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo macheza onse anatha kaye. Wapampando wathu, amene chisoti chawo chinali chitapendekeka kale ndi thukuta, ankangokuwa kuti "Mzere umodzi, abale, mzere umodzi!" Titalowa Albany Highway zinapepukako, kenako mtsetse wa Upper Harbour Drive unatibwezera mpweya.

Pa mlatho wa Greenhithe, umene pa mapu amaulemba Upper Harbour Bridge, ndi pomwe ndinayamba kupsa mtima, ngakhale malowo ndi okongola. Nawonso ndi mlatho wa msewu wa galimoto zothamanga, nawonso uli pamwamba pa madzi a Waitematā omwewo, nawonso umawombedwa ndi mphepo. Mlatho woyamba pamenepa unamangidwa mu 1975, wachiwiri anauwonjezera pambali mu 2006, ndipo pali kanjira ka njinga ndi apansi kotchingidwa ndi chipupa. Tinadutsana ndi bambo wina akukankha mwana pa pulema, amayi awiri akuthamanga, mnyamata wa mbedza yake. Palibe amene ankaoneka kuti akuchita chinthu chachilendo. Malole ankadutsa tsidya la chipupa, ife tsidya lino, aliyense ndi zake.

Nkhomaliro tinadyera ku Hobsonville Point, komwe kale kunali bwalo la ndege za asilikali koma pano kwadzaza nyumba zatsopano. Tinakhala pa kapinga m'mbali mwa madzi, msungichuma wathu n'kutulutsa mandasi omwe anakazinga usiku, ndipo apa ndi pomwe mtsutso weniweni unabuka. Ndiulemba motalikirapo chifukwa ndi umene ukukhudza kalata yomwe tikufuna kulemba.

Anayamba ndi bambo athu aja ochokera ku Chipata, amene amayendetsa lole yogawa katundu ndipo mlathowu amauwoloka tsiku ndi tsiku. Iwo anati njinga amaikonda, umboni wake ndi woti anali nafe, koma zolanda mzere umodzi wa galimoto n'kupatsa anjinga iwo ayi. Anatikumbutsa za pa 18 Sepitembala 2020, pomwe mphepo ya liwiro loposa makilomita 120 pa ola inakankha lole n'kukaiwombetsa pa chitsulo chimodzi cha mlatho. Mizere yapakati anaitseka, ndipo mzinda wonse unakhala pa mdipiti wa galimoto kwa masabata. "Ngati mphepo imagwetsa lole, inu amayi ndi kanjinga kanuka ikakuponyani kuti?" anafunsa choncho akuloza achemwali a ku Northcote. Anawonjeza kuti zigamba za ku Japan zija n'zotopa kale: zinapezeka ndi ming'alu, ndipo cha m'ma 2008 mpaka 2010 anachita kuzilimbitsa ndi chitsulo cha matani pafupifupi 900. Kwa iwo yankho ndi limodzi, boma limange njira yachiwiri yowolokera, zikatero anjinga adzatenge mizere iwiri ngati akufuna.

Achemwaliwo sanachedwe. "Bambo, njira yachiwiriyo mwakhala mukuimva kuyambira liti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo." Tonse tinaseka, ngakhale bambowo, koma kenako mwana wa wapampando, amene akuphunzira za mapulani a mizinda ku yunivesite, anayala mbiri yake yonse, ndipo kuseka kunachepa.

Panali SkyPath, maganizo a gulu la anthu wamba lotsogozedwa ndi Bevan Woodward: kanjira kotchingidwa, kopepuka, kolendewera pansi pa chigamba cha kum'mawa, owoloka azilipira pang'ono. Chilolezo chomanga chinaperekedwa mu 2015, ena okhala ku Northcote Point anakadandaula kukhoti loona za chilengedwe poopa chipwirikiti m'dera lawo, koma khotilo linavomereza mu 2016. Mu 2018 boma linalonjeza madola a ku New Zealand 67 miliyoni. Bungwe la misewu la Waka Kotahi litatenga ntchitoyo m'manja linasintha mapulani, dzina linasanduka Northern Pathway, ndipo pofika 2020 mtengo unali pa madola 360 miliyoni. Mu Juni 2021 nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Michael Wood, inalengeza zina: mlatho watsopano woima pawokha pambali pa wakalewo, wa njinga ndi apansi okha, wa madola 685 miliyoni. Dziko lonse linawira, ngakhale anjinga ambiri anati sizimene anapempha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho boma linausiya. Chinthu chimene chinayamba ngati kanjira kolendewera chinakula mpaka kudzipha chokha ndi mtengo.

Kenako anatchula za Ogasiti 2023, pomwe boma la Chris Hipkins linalengeza misewu iwiri ya galimoto yodutsa pansi pa nyanja, uliwonse wa mizere itatu, ndi njanji ya sitima zopepuka yodutsanso pansi mpaka ku Albany, zonse pamodzi madola pakati pa 35 ndi 45 biliyoni. M'mapulani amenewo anjinga ndi apansi akanapatsidwa malo pa mlatho wakale, koma pokhapokha misewu ya pansiyo itatha, kutanthauza zaka zambirimbiri. Miyezi iwiri yokha itadutsa boma limenelo linagwa pa chisankho, ndipo lotsatira lake linayambanso kuunika. Mu 2025 anthu anaona chombo chobowola pansi pa nyanja pafupi ndi mlatho, akuyeza miyala, ndipo nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Chris Bishop, inanena kuti boma lidzasankha pakati pa mlatho wachiwiri ndi msewu wa pansi. Mtsikanayo anamaliza ndi kuti ngakhale atasankha mawa, iye adzakhala ndi ana a kusukulu njirayo isanatseguke.

Maganizo anga, poti lipoti ndi langa, ali kumbali ya achemwali, koma bambo a lole sindikuwataya. Mphepo ija ndi yoona. Komabe masiku a mphepo yamphamvu amatseka kale mizere kapena mlatho wonse kwa galimoto, ndiye palibe chovuta kutsekanso geti la anjinga tsiku lotero. Za kulemera, njinga ndi mwini wake sizifika ngakhale pa tayala limodzi la lole yodzaza. Chomwe akatswiri amaopa kwenikweni ndi khamu la anthu oyenda pansi nthawi imodzi, chifukwa zigamba zija zimagwedezeka, monga zinachitikira mu 1975 pomwe Whina Cooper anatsogolera Amāori pa ulendo wa hīkoi wodandaula za malo awo. Koma khamu la zionetsero ndi losiyana ndi anthu opita ku ntchito mmodzimmodzi, ndipo geti limatha kuwerenga olowa.

Pa za mdipiti wa galimoto, pali chinthu chomwe tonse timachiona koma osachiganizira. Kuyambira 1990 mlathowu uli ndi chipupa chapakati chosunthika, chomwe makina aja amachikoka m'mawa ndi madzulo kuti mbali yodzaza ikhale ndi mizere isanu, inayo itatu. Ndiye kusinthasintha mizere si zachilendo pamenepa. Chinanso, kuyambira pomwe anatsegula msewu wa basi zokha wa Northern Busway mu 2008, gawo lalikulu la anthu owoloka m'mawa kupita mumzinda limakhala mu basi, osati m'galimoto zawozawo. Mu 2023 bungwe la Bike Auckland linatulutsa lipoti la katswiri wa zomangamanga lonena kuti mzere umodzi ungasandutsidwe wa njinga ndi apansi, ndi zotchinga zake, pa ndalama zosakwana madola 30 miliyoni komanso chaka chisanathe. Waka Kotahi inali itakana kale zoyesa zotere ponena za chitetezo. Ine chomwe ndikuona n'chakuti kuyesa kuli ndi ubwino umodzi umene misewu ya mabiliyoni ilibe: zikakanika, zotchinga amazichotsa, mzere n'kubwerera kwa eni ake.

Tisadzinamizenso kuti North Shore yonse idzatsika m'galimoto. Wa ku Albany sadzapalasa kupita ku ofesi mu Queen Street. Amene angapindule ndi a ku Northcote, Birkenhead, Hillcrest ndi Takapuna, makamaka pano pomwe njinga za batire zachuluka ndipo chitunda sichiopsanso. Ndipo mzere wa pa mlatho pawokha sungakwanire ngati kumpoto kulibe njira yabwino yolumikiza Northcote Point ndi Akoranga, ija ankaitcha SeaPath, yomwe nayonso inathera pa pepala.

Bambo a lole sanagonje. Anangoti, "Chabwino, lembani kalatayo, koma mulembemonso kuti ife a malole tikufuna njira yachiwiri, chifukwa mlathowu ukadzadwalanso ngati 2020 nonse mudzasowa buledi mu shopu." Apo palibe anatsutsa.

Titadzuka pa kapinga miyendo inali italimba. Hobsonville Road, Westgate ndi Massey tinangodutsa, kenako tinalowa Northwestern Cycleway, njira ya njinga yotsatira State Highway 16. Kuchokera ku Te Atatū njirayi imadutsa pa mtunda wothira pakati pa madzi, mbali ina galimoto, mbali ina matope ndi mitengo ya m'madzi ya malo otetezedwa a Motu Manawa. Malo ndi athyathyathya, koma mphepo ya m'nyanja inkatimenya cham'mbali moti aliyense ankapalasa atapendekeka. Apa ndi pomwe tayala la msungichuma linaphwa. Pampu inapezeka, chubu chinapezeka, koma chotsegulira tayala aliyense ankaganiza kuti watenga mnzake, mpaka mayi wina wodutsa anaima n'kutibwereka chake. Tikudikira, tinaona anthu akudutsa osaleka: ovala za ntchito, makolo ndi ana, okalamba pa njinga za batire. Anthu a kumadzulo kwa mzinda anapatsidwa njira, ndipo akuigwiritsa ntchito.

Pa Waterview panabuka kamkangano kena. Achinyamata ankafuna kupitirira mpaka ku Te Ara I Whiti, kanjira ka pinki kaja komwe anakonza mu 2015 pa msewu wakale wotsikira mu Nelson Street, kuti akajambule zithunzi. Akuluakulu tinawagonjetsa ndi mavoti n'kukhotera ku Point Chevalier, chifukwa tinkafuna kuona Meola Reef, kapena kuti Te Tokaroa. Ndi mzere wa miyala yakuda ya chiphalaphala cha phiri lamoto lakale, wolowa m'nyanja pafupifupi makilomita awiri kuloza ku Kauri Point. Meya wa mzinda uno, Wayne Brown, wakhala akunena kuti mlatho wachiwiri umangidwe pamenepa, poti miyalayo yachita kale theka la ntchito ndipo mtengo ungachepe kusiyana ndi kukumba pansi pa nyanja. Ukaima pamalopo umamvetsa chomwe chinamukopa: tsidya linalo likuoneka pafupi zedi. Koma ukatembenuka kumbuyo umaona timisewu ta m'makomo ta Point Chevalier ndi Westmere, tsidya linalo nkhalango ndi zitunda, ndipo funso loti galimoto zonsezo zikatsika mlatho zidzalowera kuti limabwera lokha. Kwa achemwali a ku Northcote, mlatho wa pamenepa ungawachepetsere kuzungulira, komabe si njira yopitira ku ntchito.

Kudzera ku Westmere ndi Herne Bay tinafika ku Point Erin, paki yomwe ili pamwamba pa polowera mlatho. Apa ndi pomwe pa 30 Meyi 2021, tsiku lomwe mlathowu unkakwanitsa zaka 62, anthu anasonkhana pa zionetsero za Liberate the Lane, zofuna kuti mzere umodzi upatsidwe kwa anjinga ndi apansi, kenako mazanamazana a njinga anadutsa mzere wa apolisi pa Curran Street n'kukwera mlatho. Zofanana nazo zinachitikanso mu Meyi 2009. Mmodzi wa ife analipo mu 2021, ndipo anati chomwe amakumbukira ndi momwe mzinda umaonekera ukaima pachulu pa mlatho popanda galasi la galimoto pakati. Kupatula masiku a zionetsero, monga hīkoi ya mu Novembala 2024, njira yodziwika yopondera pamsewu wa mlathowu ndi kulembetsa mpikisano wothamanga wa Auckland Marathon, kamodzi pa chaka.

Tinatsetsereka ndi Curran Street mpaka pansi pa mlatho, mbali ya Westhaven, dzuwa litapendeka. Pomwepo pali ofesi ya kampani yomwe imatenga alendo kukwera pamwamba pa zitsulo za mlatho, ena n'kumadumpha atamangidwa chingwe m'miyendo. Tili chiimire tinamva mmodzi akukuwa ali m'malere. Wapampando anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti ukalipira ukhoza kudziponya kuchokera pamlathowu, koma kuwoloka kupita ku ntchito n'koopsa." Northcote Point, komwe tinayambira m'mawa, inkaoneka nyumba iliyonse payokha.

Pobwerera, a ku North Shore anakwera feri mumzinda. Njinga salipiritsa, koma malo ake ndi ochepa, ndiye gulu linagawikana maboti awiri ndipo ena anatsikira ku Birkenhead, ena ku Devonport.

Zomwe tinagwirizana tisanabalalike ndi izi. Kalata yopita kwa phungu wa dera la Northcote ndi kwa makhansala a North Shore ailemba mwana wa wapampando pamodzi ndi bambo a lole, kuti mbali zonse ziwiri zilowemo: kuyesa mzere umodzi miyezi ya chilimwe, komanso kuti njira yachiwiri iliyonse yomwe boma lisankhe ikhale ndi malo a njinga ndi apansi kuyambira pa mapulani, ndi ndalama zake zolembedwa, osati zodzaganizira pambuyo. Amene mumagwira ntchito za mashifiti tsidya linalo, tumizani kwa mlembi nthawi zomwe mumayamba ndi kuweruka, popanda kutchula malo a ntchito, kuti tizifanizire ndi nthawi za feri. Ulendo wotsatira ndi wa Tāmaki Drive mpaka ku St Heliers, wopanda zitunda, ndipo ana aang'ono akhoza kubwera. Chotsegulira tayala atenga ndi msungichuma.